MLANDU WA DU FU, MLAKATULI WA KU CHINA

Akulu amati mlandu suola. Ku dziko la China kuli mlandu wina umene wakhala zaka zoposa 1,200, ndipo mwini wake anafa kalekale osamva chiweruzo chake. Munthuyo ndiye Du Fu, amene mabuku ena amalemba dzina lake kuti Tu Fu. Du ndiwo mfunda wake, monga Phiri kapena Banda, pakuti anthu a ku China amayamba kutchula mfunda, dzina la mwini nkudza pambuyo. Anabadwa m'chaka cha 712 pafupi ndi mzinda wa Luoyang, namwalira m'chaka cha 770, masiku amene mafumu a banja la Tang anali kulamulira dzikolo. Ntchito imene akumbukiridwa nayo ndiyo kupeka ndakatulo, ndipo zimene zatsala kufikira lero zipitirira 1,400. Ana a sukulu a ku China amaziloweza pamtima. Koma m'mibadwo yonse munthuyu sanasowe omneneza. Zonenezazo ziyenera kuyankhidwa, chifukwa pansi pake pagona funso lalikulu, lakuti munthu wodziwa kulemba ayenera kulemba za yani.

Oyamba kumpeputsa ndi iwo amene amayesa munthu ndi mpando umene anakhalapo. Iwowa amati Du Fu anali munthu wolephera. Masiku amenewo wofuna ntchito ya Boma analemba mayeso ovuta, ndipo wopambana analemekezeka iye ndi banja lake lonse. Du Fu anali mdzukulu wa Du Shenyan, mlakatuli womveka amene anatumikira ku nyumba ya mafumu, chotero anthu anayembekeza kuti mdzukuluyo adzapambana msanga. Analemba mayesowo cha m'ma 735, nalephera. Anayesanso m'chaka cha 747, pamene mfumu inaitana aluso onse a m'dziko ku mayeso apadera. Koma nduna yaikulu, dzina lake Li Linfu, inaopa kuti anthu ochokera kutali angaulule zoipa zake pamaso pa mfumu. Tsono inagwetsa onse, osapambana ndi mmodzi yemwe, nikauza mfumu kuti ichi ndi chizindikiro chokondweretsa, chosonyeza kuti anzeru onse a m'dziko ali kale pa ntchito ya Boma. Wonena kuti Du Fu analephera mayeso azinenanso kuti anali mayeso otani.

Pafupifupi zaka khumi anakhala mumzinda waukulu wa Chang'an, akuyendera makomo a akuluakulu ndi kuwalembera ndakatulo kuti wina amkumbuke. Zimenezi sizikometsa mbiri yake, ndipo iye mwini anachita nazo manyazi. Pa mapeto ake, m'chaka cha 755, anampatsa kantchito kakang'ono, ali ndi zaka 43. Nyengo ya chisanu chaka chomwecho anapita ku Fengxian kukaona mkazi ndi ana ake, amene anawasiya kumeneko chifukwa cha umphawi. Njira yake inadzera pa phiri la Li, pamene mfumu Xuanzong ndi nduna zake anali kudya maphwando pa akasupe a madzi otentha. Atafika kunyumba anamva anthu akulira: mwana wake wamng'ono anali atafa ndi njala. Ndakatulo imene analemba za ulendowo ili ndi mawu 500, ndipo chodabwitsa chake chili kumapeto. Munthu wina akadathera pa maliro a mwana wake, ndipo palibe akadamdzudzula. Koma Du Fu anakumbuka kuti banja lake, pokhala la wantchito wa Boma, silinakhome msonkho kapena kugwidwa usilikali, nayamba kulingalira za alimi olandidwa minda ndi anyamata otumizidwa ku malire a dziko, amene mavuto awo anaposa ake.

Ndi zoona kuti anthu a m'nthawi yake sanamwerengere. Cha m'ma 753 munthu wina dzina lake Yin Fan anasonkhanitsa m'buku ndakatulo za alakatuli 24 amene iye anawayesa opambana. Li Bai alimo, Wang Wei alimo, Du Fu mulibe. Yin Fan angakhululukidwe, popeza ndakatulo zazikulu za Du Fu zinali zisanalembedwe. Koma Gao Zhongwu, amene anasonkhanitsa ndakatulo za zaka za 756 kufikira 779, ndizo zaka zimene Du Fu analemba zopambana zake, nayenso anamsiya kunja. Ichi chitsutsa Gao Zhongwu ndi makutu a anthu amene iye anafuna kuwakondweretsa, pakuti ambiri a iwo amene anawasankha aiwalika.

M'mwezi wa Disembala 755 kazembe wa nkhondo dzina lake An Lushan, amene mfumu inamkonda ndi kumkhulupirira, anapanduka kumpoto natsika ndi ankhondo ake. Analanda Luoyang, ndipo m'chaka cha 756 analandanso Chang'an. Mfumu Xuanzong inathawira ku Sichuan, mwana wake Suzong nalowa ufumu. Nkhondoyo sinathe kufikira 763. Kalembera wa Boma nkhondo isanayambe anapeza anthu pafupifupi 53 miliyoni. Wa m'chaka cha 764 anapeza pafupifupi 17 miliyoni okha. Si kuti onse osowawo anafa, pakuti ambiri anathawa m'midzi yawo, ndipo m'zigawo zina Boma linalibenso mphamvu yowerenga anthu. Komabe dziko linapasuka, ndipo ufumu wa Tang sunabwererenso pa mphamvu yake yakale.

Alembi a mafumu analemba mbiri ya nkhondoyo monga alembi a mafumu amalembera: kazembe wakuti anagonja pa malo akuti, mzinda wakuti unalandidwa tsiku lakuti. Wofuna kudziwa kuti nkhondoyo inali yotani pa khomo la munthu wamba ayenera kupita kwa Du Fu. M'chaka cha 759 ankhondo a mfumu anagonja koopsa pa mzinda wa Ye, ndipo Boma linayamba kugwira aliyense kuti akalowe m'malo mwa akufa. Du Fu anali pa ulendo wochokera ku Luoyang, naona zimenezi ndi maso ake, nalemba ndakatulo zisanu ndi imodzi, zitatu za ogwira anthu ndi zitatu za anthu otsazikana. Ina inena za mkwatibwi amene mwamuna wake anatengedwa m'mawa mwake mwa ukwati. Ina za msilikali wobwerera kwawo napeza mudzi wonse uli bwinja, wopanda ndi womtsazika yemwe pamene anadzamgwiranso.

Yomveka koposa ndi ya mudzi wa Shihao. Mlendo anapempha malo ogona m'nyumba ya okalamba awiri. Usiku kunafika wogwira anthu, ndipo mwamuna wokalambayo analumpha mpanda nathawa, mkazi wake natuluka pakhomo. Ana ake aamuna atatu anali atatengedwa kale, awiri a iwo atafa. M'nyumba munatsala mkazi wa mwana wake ndi khanda loyamwa. Poona kuti wogwira anthuyo sachoka chimanjamanja, mayi wokalambayo anadzipereka yekha kuti akaphikire asilikali. Kutacha, mlendo uja anatsazikana ndi mwamuna yekha. Ndakatulo ithera pomwepo, ndipo mlakatuli sawonjeza mawu ake ngakhale amodzi. Ena amamdzudzula kuti anangokhala chete usiku wonse osaleretsa. Koma mlendo wopanda chida akadachitanji pamaso pa munthu wonyamula lamulo la mfumu? Chimene anakhoza kuchita anachita, ndicho kulemba, ndipo chifukwa cha kulembako mayi wa ku Shihao adziwika lero pamene dzina la wogwira anthu uja silidziwika konse. M'chaka cha 886 mlembi wina dzina lake Meng Qi analemba kuti anthu amatcha ndakatulo za Du Fu mbiri yolembedwa m'ndakatulo, ndipo dzina limeneli lakhala kufikira lero.

Omneneza ena ndi ochenjera kuposa oyamba aja. Iwo samkana, koma amatenga Li Bai namsandutsa ndodo yomkwapulira. Amati Li Bai ndiye mlakatuli weniweni, woimba za mwezi, za vinyo ndi za mapiri aatali, munthu amene mawu anangotuluka m'kamwa mwake ngati madzi pa kasupe. Koma Du Fu amati ndi wodandaula, wosema mawu movutikira. Yang Yi, mlakatuli wa ku nyumba ya mafumu a Song amene anamwalira m'chaka cha 1020, anamutcha mphunzitsi wa kumudzi, ndipo ananena ichi monyoza.

Ukulu wa Li Bai palibe aukana, ndipo woyamba kuuvomera anali Du Fu yemweyo. Awiriwa anakomana m'chaka cha 744, Li Bai ali womveka kale ndiponso wamkulu ndi zaka 11, nayenda pamodzi miyezi ingapo. Atasiyana m'chaka chotsatira sanaonanenso. Du Fu analemba ndakatulo zoposa khumi zokumbukira mnzakeyo. Pamene Li Bai anagwa m'mlandu woukira, chifukwa chotsata mwana wina wa mfumu amene anapikisana ndi Suzong, napirikitsidwira kutali, anthu ambiri anamfulatira. Du Fu anapitiriza kumtama poyera ndi kumlota usiku. Tsono amene amayambanitsa awiriwa amachita chinthu chimene eni ake sanachite.

Ndipo za kusema mawu movutikira, kodi ndi mlandu? Mtundu wa ndakatulo umene Du Fu anaudziwa koposa anzake uli ndi mizere 8, ndipo mzere uliwonse uli ndi mawu 5 kapena 7, osachepera, osapitirira. Mizere inayi ya pakati iyenda iwiriiwiri monga ng'ombe za pagoli: mzere wina ukatchula phiri, unzake utchule mtsinje kapena china chonga icho pa malo omwewo, ndipo wina ukatchula chiwerengero, unzake utchulenso chiwerengero. Pamwamba pa izi pali lamulo la kukweza ndi kutsitsa mawu. Olankhula Chichewa adziwa chinthu chimenechi, pakuti mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika ndi mawu olembedwa chimodzimodzi, koma khutu limawasiyanitsa. M'chinenero cha ku China liwu lililonse lili ndi kamvekedwe kake, ndipo m'ndakatulo yotere kamvekedweko kali ndi malo ake oikika mu mzere uliwonse. Alakatuli ambiri anagwiritsa mtundu umenewu potsazika mnzawo wopita pa ulendo kapena poyamika phwando. Du Fu analowetsa m'mawu 40 kapena 56 okhawo kupasuka kwa dziko, ukalamba wake, kulira kwa anyani m'zigwa za mtsinje wa Yangtze ndi kusowa kwa kalata yochokera kwa abale ake, osathyola lamulo. Ku Kuizhou, kumene anakhala kuyambira 766 kufikira 768, akudwala malungo ndi chifuwa, khutu limodzi litagontha, analemba ndakatulo zoposa 400, ndipo pakati pa izo pali zisanu ndi zitatu za nyengo ya kuyoyoka kwa masamba zimene ophunzira ambiri amaziyesa nsonga ya luso lonselo. Luso limeneli limatayika ndakatulo ikamasuliridwa m'chinenero china, chotero woweruza Du Fu ndi zomasuliridwa zokha afanana ndi munthu woweruza gule amene anangomva kwa mnzake. Kunena za Yang Yi, ndakatulo zake zokometseredwa zija lero zimawerengedwa ndi ophunzira owerengeka okha.

Ngakhale imfa yake anaidetsa. M'chaka cha 770 Du Fu anali kukhala m'ngalawa ndi banja lake pa mitsinje ya ku Hunan. Pafupi ndi Leiyang madzi osefukira anamtsekera njira masiku angapo wopanda chakudya, kufikira mkulu wa boma la kumeneko anamtumizira nyama ya ng'ombe ndi vinyo. Kuchokera apa inabuka nkhani yakuti anadya mosusuka nafa usiku womwewo, ndipo nkhaniyi inalowa ngakhale m'mabuku a mbiri ya mafumu a Tang. Ophunzira ambiri aikana, chifukwa ndakatulo yothokoza mkulu uja ilipo, ndipo ziliponso zina zimene analemba miyezi yotsatira, kufikira yotsiriza imene analemba ali gone m'ngalawa nyengo ya chisanu. Banja lake linalibe chuma chotengera mtembo kwawo. Panapita zaka 43, ndipo m'chaka cha 813 mdzukulu wake Du Siye ndiye ananyamula mafupa a gogo wake kukawaika ku Yanshi, pafupi ndi Luoyang. Pa njira anapempha mlakatuli Yuan Zhen kuti alembe mawu a pamanda, ndipo Yuan Zhen analemba kuti chiyambire ndakatulo sipanaoneke wina wonga Du Fu.

Kuyambira pamenepo mbiri yake inakula. M'chaka cha 1039 Wang Zhu anasonkhanitsa ndakatulo zake 1,405, ndipo bukulo linasindikizidwa ku Suzhou m'chaka cha 1059. Pamene a Mongol anagonjetsa ufumu wa Song, nduna Wen Tianxiang inakana kuwagwadira, niikidwa m'ndende zaka zitatu kufikira inaphedwa m'chaka cha 1283. M'ndendemo inalemba ndakatulo 200 za mavuto a dziko lake, zonse zolumikiza mizere ya Du Fu imene inaisunga pamtima. Munthu woyembekeza imfa sasankha mawu opanda pake. Pambuyo pake anthu a ku China anampatsa Du Fu dzina lakuti Wanzeru wa Ndakatulo, ndipo ku Japan mlakatuli Matsuo Basho, amene anamwalira m'chaka cha 1694, anamtenga ngati mphunzitsi wake. M'chaka cha 2016 Stephen Owen anatulutsa ndakatulo zake zonse m'Chingerezi, m'mabuku asanu ndi limodzi.

Koma kuneneza koopsa koposa kunadza posachedwapa. M'chaka cha 1971, pakati pa chipwirikiti chimene chinagwira China kuyambira 1966 kufikira 1976, Guo Moruo anatulutsa buku lonena za Li Bai ndi Du Fu. Guo Moruo sanali munthu wamba: anali mlembi womveka ndi mtsogoleri wa bungwe lalikulu la ophunzira a m'dzikolo, ndipo m'chaka cha 1962, pokumbukira zaka 1,250 chibadwire Du Fu, iye yemwe anamtama pamaso pa anthu. Tsono m'buku latsopanoli anatembenuka nati Du Fu anali wa gulu la eni minda opondereza alimi, kapolo wa mafumu, ndipo chifundo chake chinali chapakamwa chabe. Kunali kodziwika kuti Mao Zedong, mtsogoleri wa dziko masiku amenewo, anakonda Li Bai koposa Du Fu.

Zina zimene Guo Moruo ananena nzoona, ndipo siziyenera kubisidwa. Du Fu anakhulupirira ufumu wa Tang kufikira imfa yake, ndipo sanaganizepo za dziko lopanda mfumu. Ku Kuizhou anali ndi munda wa zipatso ndi antchito, nayang'aniranso minda ya mpunga. Anali munthu wa m'badwo wake. Koma kukhulupirira mfumu ndi kusyasyalika mfumu ndi zinthu ziwiri. M'chaka cha 756 opanduka anamgwira napita naye ku Chang'an. Chaka chotsatira anathawa nafika kwa mfumu Suzong ku Fengxiang atavala nsanza. Mfumu inampatsa udindo wa Wokumbutsa, ndiye munthu wouza mfumu pamene yalakwa. Pasanapite nthawi mfumu inachotsa nduna Fang Guan, ndipo Du Fu anaitsutsa ndi mawu olimba. Mfumu inakwiya nilamula kuti azengedwe mlandu. Anapulumuka chifukwa akulu ena anampepesera, koma m'chaka cha 758 anamchotsa ku likulu namtumiza ku Huazhou. Ntchito yabwino yokhayo imene anaipeza pa moyo wake wonse anaitaya chifukwa choigwira moona. Chaka chotsatira anasiya ntchito ya Boma, nayendayenda ndi ana ake m'mapiri a kumadzulo, akutola zipatso za m'thengo ndi kukumba mipama m'nthaka youma ndi chisanu, kufikira anafika ku Chengdu.

Ku Chengdu anamanga nyumba ya udzu m'chaka cha 760, ndipo m'chaka cha 761 mphepo yamkuntho inasasula denga lake. Ana a m'mudzi anatola udzuwo nathawa nawo, iye akukuwa osakhoza kuwathamangitsa. Usiku mvula inagwa, nyumba yonse nidontha, ana ake akugona m'zofunda zonyowa. Ndakatulo imene analemba ithera pa kukhumba nyumba yaikulu yosungamo ophunzira osauka onse a pa dziko, ngakhale iye yekha atafa ndi chisanu. Guo Moruo anawerenga ndakatulo imeneyi napezamo milandu. Anati dengalo linali lofolera katatu, ndipo denga lotere ndi la munthu wopeza bwino, loposa ngakhale la matailosi. Anatinso Du Fu anatcha ana a amphawi mbala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: Guo Moruo analemba izi ali m'nyumba yaikulu ku Beijing. Aliyense amene anagonapo m'nyumba yosasuka denga nyengo ya dzinja adziwa ngati mwini wake ndi wolemera kapena ayi, ndipo adziwanso mawu amene nkhalamba imanena poona ana akuthawa ndi udzu wake. Du Fu akadafuna kuoneka woyera mtima akadachotsa mawuwo. Anawasiya, nadzionetsa monga anali, nkhalamba yokwiya yotsamira ndodo, imene ana aiseka.

Umboni wina uli m'kandakatulo kamene analemba ku Kuizhou m'chaka cha 767. Pabwalo pa nyumba yake panali mtengo wa zipatso za mtundu wa masawu, ndipo mayi wina woyandikana naye, wopanda ana ndi wopanda chakudya, anali kudza kudzagwetsa zipatsozo. Du Fu sanamletse. Pambuyo pake anasamuka, nasiyira nyumbayo mbale wake wa mfunda wa Wu, ndipo mbaleyo atangolowa anamanga mpanda. Du Fu atamva anamlembera kalata ya mizere 8, m'mtundu wovuta uja wa malamulo ambiri. Sanamkalipire. Anamkumbutsa kuti mayiyo sakadatola zipatso za eni pakadapanda umphawi, ndi kuti popeza amadza ndi mantha ayenera kulandiridwa mokoma koposa. Anati mwina mayiyo wakayika mwini nyumba watsopano popanda chifukwa, komabe mpandawo waonetsa ngati kukayikako nkoona. Pomaliza ananena chimene chinamsaukitsa mayiyo, ndiwo msonkho wa nkhondo umene unamlanda zonse anali nazo.